Mwana wanu akamuika ku Signals: asilikali a mauthenga ndi ndani, ndipo anachokera kuti?

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi ku Mufakose mumzinda wa Harare, tili chiimire panja kupatsana moni, mayi wina anatiuza nkhani yabwino: mwana wawo wamaliza maphunziro a usilikali ndipo amuika ku Signals. Bambo wina wachikulire, amene anapuma ntchito ku njanji, anawagwira chanza nati, "Mayi, thokozani Mulungu. Ameneyo nkhondo sadzaiona, ntchito yake n'kukhala mu ofesi kuyankha lamya." Mnyamata wina wa kwaya sanagwirizane nazo. "Iyayi agogo, amenewo ndi aja amamvetsera zimene timalankhula pa foni." Chimwemwe cha mayi aja chinazilala. Anandiyang'ana n'kufunsa chapansipansi, "Achimwene, nanga mwana wangayu ndi msilikali kapena ayi?"

Ndi msilikali ndithu. Mfuti amanyamula, maphunziro a nkhondo anachita ofanana ndi anzake, ndipo kukavuta, malo amene iye amakhala ndi amene mdani amayamba kuwasaka. Koma yankho la pakhomo pa tchalitchi linali lalifupi. Ine ndakhala zaka zambiri ndikukonza mawailesi, ndipo mbiri ya ntchitoyi ndimaikonda, choncho ndati ndiifotokoze bwinobwino, poti makolo ambiri kuno ali ndi funso lomweli.

## Ntchito yake ndi uthenga

Signals ndi nthambi ya gulu lankhondo imene imaonetsetsa kuti lamulo la mkulu lafika kwa amene ali kutsogolo, komanso kuti zimene a kutsogolowo aona zafika kwa mkulu. M'nkhani ino tiziwatchula kuti asilikali a mauthenga.

Ife a kuno ku Harare amene mizu yathu ili ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Tete timadziwa kulemera kwa uthenga wa maliro. Munthu akatisiya ku Dzivarasekwa, uthenga uyenera kufika kumudzi msanga, apo ayi abale adzapeza manda atakwiriridwa kale. Uyenera kufika monga unachokera, dzina lake lomwelo, tsiku lake lomwelo, chifukwa wotumidwa akasokoneza mawu amodzi anthu amalira munthu wamoyo. Ndipo uyenera kuyamba kufika kwa woyenera. Mwini mbumba sangamvere pa Facebook kapena pachigayo. Asilikali a mauthenga amasenza zitatu zomwezi, kungoti chachitatucho kwa iwo n'choopsa kwambiri: pali munthu wina amene watchera khutu usana ndi usiku kuti amve uthengawo, ndipo akaumva anthu amafa.

Gulu la asilikali 3,000 limene silikumvana si gulu lankhondo ayi, ndi khamu chabe la anthu onyamula mfuti. Wina akupita kutsogolo, wina akubwerera, mizinga ikugwera anzawo omwe, galimoto ya chakudya ikudikira pamphambano yolakwika.

## Ng'oma, kalilole ndi waya

Kalekale uthenga wa nkhondo unkayenda ndi miyendo ya munthu, kavalo, ng'oma, lipenga, utsi ndi mbendera. Vuto lake linali kuchedwa. Pa 24 Disembala 1814 Britain ndi America anasainirana mtendere mumzinda wa Ghent ku Ulaya. Pa 8 Januwale 1815 asilikali a maiko awiriwa anamenyana koopsa ku New Orleans, ndipo a Britain pafupifupi 2,000 anaphedwa, kuvulala kapena kugwidwa. Uthenga wa mtendere unali udakali m'sitima pakati pa nyanja.

Zinthu zinasintha ndi telegalafu, makina otumiza uthenga pa waya pogwiritsa ntchito kugogoda kwakufupi ndi kwakutali kumene kumaimira zilembo. Samuel Morse anaonetsa mu 1844 kuti uthenga ungachoke ku Washington n'kufika ku Baltimore nthawi yomweyo, ndipo zigogodo zija mpaka lero timazitcha Morse. Asilikali sanachedwe kuona phindu lake. America inakhazikitsa nthambi yake ya mauthenga mu 1860 motsogozedwa ndi Albert Myer, dokotala wa asilikali amene anakonza njira yolankhulana pogwedeza mbendera. Britain inatsatira mu 1870 ndi kagulu kotchedwa C Telegraph Troop, ka akuluakulu 2 ndi asilikali 133, kamene kanali pansi pa mainjiniya a gulu lankhondo. Nkhondo yoyamba imene kaguluka kanalowa inali kuno kummwera kwa Africa, yolimbana ndi Azulu mu 1879.

Chida china chimene chinagwira ntchito kwambiri kuno chinali kalilole. Ankamuika pa miyendo itatu ngati ya mpando, n'kumamupendeketsa pang'ono ndi chala kuti kuwala kwa dzuwa kuziphethira kuloza phiri lina, kuphethira kwakufupi ndi kwakutali monga mwa Morse. Kukacha bwino uthenga unkaoneka pa mtunda wa makilomita 50 ngakhale kuposa. Pa nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi, mzinda wa Ladysmith utazingidwa kuyambira kumapeto kwa 1899, kalilole ndiye ankaulumikiza ndi akunja. Waya mdani akhoza kudula, koma dzuwa sangalidule. Chodula dzuwa ndi mtambo basi.

## Waya wa ku Mazowe ndi sitima ya pa nyanja yathu

Waya wa telegalafu unafika mumzinda uno mu 1892, nthawi imene unkatchedwa Fort Salisbury. Chaka chomwecho Cecil Rhodes anayambitsa kampani ya African Transcontinental Telegraph ndi cholinga chokoka waya mpaka ku Cairo. Ku Cairo sunafike, koma unadutsa ku Tete, ku Blantyre, ku Karonga mpaka ku Ujiji m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Njira imene makolo athu ankayenda wapansi pobwera ku Halale, mawu anali akuyendamo kale pa waya.

Amene mumadutsa mu Blakiston Street kapena kuperekeza ana ku sukulu ya Blakiston mwina simudziwa kuti dzinali ndi la nkhani ya uthenga. Mu Juni 1896, Chimurenga choyamba, nkhondo ya eni dziko yolimbana ndi atsamunda, chitabuka, azungu angapo anazingidwa pa mgodi wa Alice ku Mazowe. Amuna awiri ogwira ntchito ya telegalafu, Blakiston ndi Routledge, anathamangira ku kanyumba ka waya, natumiza uthenga wopempha thandizo ku Salisbury, ndipo anaphedwa pobwerera. Sanali asilikali. Za nkhondo imeneyo anthu amaziona mosiyana, ndipo amene ankamenyera dziko lawo nawonso anali ndi amithenga awo amene ankalumikiza midzi ndi mapiri. Chimene ndikufuna muone n'chakuti mbali zonse ziwiri zinkadziwa kuti amene uthenga wake wafika ndiye wapulumuka.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri inachitika pa nyanja ya Malawi. Britain inalengeza nkhondo ndi Germany pa 4 Ogasiti 1914, ndipo uthenga unafika ku Nyasaland pa waya. Patangotha masiku ochepa, sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen, woyendetsa wake Kaputeni Rhoades, inapeza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili kumtunda ikukonzedwa pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli ku Tanzania. Anaiwombera n'kuilemaza. Kaputeni wa Chijeremani, amene anali bwenzi la Rhoades, anapalasa bwato kudzafunsa chimene chachitika, chifukwa iye sankadziwa n'komwe kuti kunja kuli nkhondo. Nyanja yonse inakhala m'manja mwa Angerezi chifukwa cha uthenga umodzi umene unafika kwa wina n'kusafika kwa mnzake. Pakadafunda padajiwitsa.

## Kuchokera mu 1920 kufika kwa ife

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inaonetsa kuti ntchitoyi yakula, singakhalenso kanthambi ka mainjiniya. Panali mafoni a m'maenje, mawaya amene mabomba ankadula tsiku ndi tsiku, njinga zamoto zonyamula makalata, nkhunda, ndi wailesi imene inali itangoyamba kumene. Pa 28 Juni 1920 Winston Churchill, ali nduna ya Britain yoona za nkhondo, anasainira chikalata chokhazikitsa nthambi yoima payokha, ndipo patapita milungu ingapo Mfumu George V inaipatsa dzina lakuti Royal Corps of Signals. Mawu awo a pa chizindikiro ndi a Chilatini, Certa Cito, kutanthauza chotsimikizika ndi chachangu. Pa chipewa amavala chithunzi cha Mercury, mthenga wa milungu m'nthano za Aroma, wa mapiko kumapazi. Sukulu yawo yaikulu lero ili ku Blandford ku England.

Mukhoza kufunsa kuti za ku England zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza chifukwa kayalidwe ka asilikali a Zimbabwe, Malawi ndi Zambia kanachokera kumeneko. Agogo athu amene analowa King's African Rifles ku Zomba, n'kukamenya nkhondo ku Abyssinia (Ethiopia) ndi ku Burma (Myanmar) m'zaka za m'ma 1940, ankalandira malamulo kudzera m'mawailesi ndi mawaya oyalidwa mwa dongosolo lomweli. M'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, maiko atatuwa anali ndi gulu lankhondo limodzi, likulu lake mumzinda uno, ndipo linali ndi nthambi yakeyake ya mauthenga. Chitaganya chitatha asilikali anagawidwa, ndipo bataliyoni (gulu la asilikali mazana angapo) yoyamba ya King's African Rifles inasanduka Malawi Rifles mu 1964.

Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inakumanitsa njira ziwiri zotumizira uthenga. Asilikali a boma la Rhodesia ankadalira kwambiri mawailesi, ndipo ankaika timagulu pamwamba pa mapiri kuti tizilandira mawu ndi kuwapititsa patsogolo. Omenyera ufulu ankadalira kwambiri anthu: anyamata otchedwa mujibha ndi atsikana otchedwa chimbwido, amene ankayenda mudzi ndi mudzi kunyamula mawu, chakudya ndi nkhani za kumene kuli adani. Mu 1980 magulu atatu, ZANLA ndi ZIPRA a omenyera ufulu, ndi asilikali a Rhodesia, anaphatikizidwa kukhala Zimbabwe National Army mothandizidwa ndi alangizi a ku Britain. N'chifukwa chake maudindo ndi maina a timagulu mpaka lero akumveka Chingerezi.

## Mmene rejimenti imayalidwira

Apa pali mawu awiri amene amasokoneza anthu. Loyamba ndi corps, limene amalitchula kuti "ko". Limeneli ndi banja lonse la asilikali a mauthenga m'dziko, onse ovala chizindikiro chimodzi, kulikonse kumene atumizidwa. Lachiwiri ndi rejimenti, gulu lenileni lokhala ndi kambi yake, magalimoto ake ndi mkulu wake, la anthu mazana angapo. Corps ili ngati mfunda, rejimenti ili ngati mudzi. A Phiri alipo ku Kasungu, alipo ku Highfield, koma aliyense ali ndi mudzi umene amagonamo.

Wolamulira rejimenti amakhala Lieutenant Colonel. Pambali pake pali wachiwiri wake, pali woyendetsa za mu ofesi ndi za mwambo, pali woyang'anira katundu, ndipo pali sajeni meja wa rejimenti, msilikali amene anakwera kuchokera pansi penipeni ndipo mawu ake amaopedwa ndi aliyense pabwalo la perete. Rejimenti imagawidwa m'masikwadironi atatu, anayi kapena asanu, lililonse lili ndi meja ndi anthu pafupifupi 100. Kwa asilikali oyenda pansi gulu lotere amaliti kampani. A mauthenga amati sikwadironi chifukwa makolo awo a ntchitoyi ankayenda pa akavalo pokoka ngolo za waya. Sikwadironi imagawidwanso m'matrupu a anthu 20 kapena 30, wotsogolera ali lefutenanti wothandizidwa ndi sajeni wamkulu. Pansi pa zonse pali kagulu ka anthu atatu kapena anayi ndi galimoto imodzi, wotsogolera ali kopolo. Ziwerengerozi zimasiyana dziko ndi dziko, koma makwerero ake ndi omwewa, ngati mmene zilili kwathu kuchoka kwa mfumu yaikulu kufika kwa gulupu, kwa nyakwawa, mpaka pabanja.

Kusiyana kwakukulu ndi magulu ena n'kwakuti rejimenti ya mauthenga simenya nkhondo ili pamodzi. Bataliyoni ya oyenda pansi imanyamuka yonse kupita kumodzi. Rejimenti ya mauthenga imamwazika. Sikwadironi imodzi imapita kukayala likulu la brigedi, limene ndi gulu la mabataliyoni atatu kapena kuposa. Timagulu tina timatumizidwa kukakhala ndi bataliyoni iliyonse, tina pamapiri, tina pa bwalo la ndege. Lamulo lake lakale n'lakuti wamkulu ndiye amayala njira yofikira kwa wamng'ono: brigedi imatumiza anthu ake ndi wailesi yake ku bataliyoni, kuti pasakhale kulozana zala mawu akaduka. M'kati mwa bataliyoni, oyenda pansi amakhala ndi onyamula wailesi awoawo, amene amaphunzitsidwa ndi a mauthenga.

Zotsatira zake n'zakuti kopolo wa zaka 25 akhoza kukhala ndi anzake atatu pamwamba pa phiri, makilomita 100 kuchoka kwa meja wake, mawu a anthu 2,000 akudutsa m'manja mwake. Ine ndimaona kuti palibe nthambi ina imene imasenzetsa wamng'ono udindo waukulu chotere.

Ntchito zake m'katimo n'zambiri. Alipo olankhula ndi kuyendetsa mawailesi, alipo amakaniko okonza zida, alipo oyala mawaya ndi kukwera milongoti, alipo a magetsi osamala majenereta ndi mabatire, alipo a makompyuta ndi netiweki, alipo osunga makiyi a chinsinsi. M'dongosolo la Britain muli maudindo awiri aulemu kwambiri amene munthu amawapeza atakhoza maphunziro ovuta. Foreman of Signals ndi katswiri wa zida, amene amadziwa chifukwa chake makina sakugwira. Yeoman of Signals ndi katswiri wa kayendedwe ka mauthenga, amene amakonza kuti uyu alankhula ndi uyu, pa njira iti, nthawi yanji. Wina amasamala msewu, wina amasamala magalimoto oyendamo.

## N'chifukwa chiyani amakonda mapiri?

Amene munakwerapo basi ya ku Blantyre kudzera ku Nyamapanda mukudziwa kuti wailesi ya FM imamveka bwino potuluka mu Harare, kenaka imayamba kukhosomola pakati pa mapiri a miyala a ku Mutoko. Koma agogo athu ku Mbare ankatha kugwira MBC ya ku Blantyre madzulo pa shortwave, mtunda wa makilomita mazanamazana. Kusiyana kumeneku ndiye mutu wa ntchito yonse ya asilikali a mauthenga.

Mafunde a wailesi a mtundu wa VHF, mtundu womwewo wa FM, amene asilikali amagwiritsa ntchito pakati pa 30 ndi 88 MHz (MHz ndi muyeso wa mafunde a wailesi), amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Mawu ake amamveka bwino, koma phiri likaima pakati basi zathera pomwepo. Wailesi yobereka kumsana, ija timaiti ovaova, imafika makilomita 5 kapena 10 kutengera malo. Kuti mawu adumphe phiri, amaika kagulu pamwamba pake ndi mawailesi awiri olumikizana, ina yolandira ina yotumiza. Imani pa phiri la Kopje muno mu Harare tsiku lina muyang'ane mmene mzinda wonse ukuonekera, mudzamvetsa chifukwa chake malo otere ndi golide kwa msilikali wa mauthenga.

Mafunde a HF, amene ndi shortwave ija, apakati pa 3 ndi 30 MHz, ali ndi khalidwe lina. Amakwera kumwamba, n'kukagunda muyalo wa mpweya umene uli pa mtunda woposa makilomita 100, n'kubwerera pansi kutali, ngati mpira wogunda denga. Motero HF imadumpha mapiri ndi malire a maiko popanda mlongoti wa munthu wina. Koma muyalo uja umasintha ndi dzuwa. Njira imene imagwira masana imafa usiku, ya mu Juni si ya mu Disembala, ndipo nyengo ya mvula mphezi zimadzaza phokoso m'makutu. Pamafunika munthu wodziwa kusankha njira, kudula waya wa mlongoti pa utali woyenera ndi kuuloza koyenera. Masiku ano palinso masetilaiti, ena ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, amene amanyamula mawu, zithunzi ndi makompyuta onse a likulu. Komabe asilikali anzeru sataya HF, chifukwa setilaiti ndi ya mwini wake, ndipo mwini wake akhoza kuitseka.

Tayerekezani kuti muli ndi kagulu kaja paphiri mwezi wa Juni. Afika kukuda, chifukwa masana fumbi la galimoto limaoneka patali. Awiri akuimika mlongoti, kukhoma zikhomo m'nthaka ya miyala ndi kumanga zingwe kuti mphepo isaugwetse. Wina akukoka jenereta kuisiya chapatali m'kadzenje kuti phokoso lake lisamveke. Akuphimba galimoto ndi ukonde wa masamba. Akukhoma chitsulo pansi chotayira mphezi. Akatha zonsezi mpamene kopolo amakhala pansi, kuvala zomvera m'makutu, n'kuitana likulu kuti amve ngati akumveka. Kuyambira pamenepo wailesi siisiyidwa yokha ngakhale mphindi imodzi. Amasinthana maola, wina akugona, wina akulondera ndi mfuti, wina ali ndi buku akulemba uthenga uliwonse ndi nthawi yake. Pa 2 koloko usiku zala zitauma ndi chisanu, mawu ofooka akamveka pakati pa phokoso kuti pali wovulala, iyeyo ndiye woyamba kumva, ndipo manambala a malo akawalemba molakwa ndege ikatera kwina.

Zikalephereka zotsatira zake zimakhala zowawa. Mu Seputembala 1944 asilikali a Britain pafupifupi 10,000 anatsitsidwa ndi ndege pafupi ndi Arnhem ku Netherlands kuti alande mlatho wa pa mtsinje wa Rhine. Mawailesi awo ambiri sanathe kudutsa nkhalango ndi nyumba za m'derali, mkulu wawo anakhala nthawi yaitali osadziwa kumene kuli magulu ake, ndipo katundu wambiri woponyedwa ndi ndege anagwera m'manja mwa Ajeremani. Amene anabwerera kutsidya la mtsinje sanafike 2,500. Zifukwa zinalipo zambiri, koma kusamvana kunali chimodzi mwa zikuluzikulu.

## Kalankhulidwe kake

Ana akamasewera amati "ova, ova" osadziwa kuti mawuwa ali ndi ntchito. Pa wailesi ya asilikali anthu awiri sangalankhule nthawi imodzi, choncho "over" ndi kunena kuti ndamaliza, yankhani. "Out" ndi kunena kuti nkhani yatha, musayankhe. "Roger" ndi kuti ndamva. Zilembo amazitchula ndi mawu athunthu, Alfa, Bravo, Charlie, Delta, chifukwa B ndi D pa phokoso zimamveka chimodzimodzi. Ndandanda umene ukugwira ntchito lero unakhazikitsidwa mu 1956. Munthu satchulidwa dzina kapena udindo, amapatsidwa nambala yoitanira imene imasinthidwa kawirikawiri. Mauthenga nawonso ali ndi mipando: wamba umadikira, wofulumira umadumpha mzere, ndipo pali wina wapamwamba kwambiri umene ukamveka aliyense amakhala chete.

## Mdani ali chetee, akumvetsera

Tsopano tifike pa mawu a mnyamata wa kwaya uja. Wailesi ili ngati kufuula pamsika: amene mukumuitana amamva, koma ena onse amamvanso. Mu Ogasiti 1914 akuluakulu a asilikali a Russia ankatumiza malamulo awo pa wailesi osawabisa. Ajeremani anamva zonse, nazinga gulu lonse ku Tannenberg, n'kugwira akaidi pafupifupi 90,000. Kuyambira pamenepo dziko lililonse linadziwa kuti uthenga uyenera kutsekedwa ndi kiyi, kusandutsidwa zopanda tanthauzo kwa aliyense amene alibe kiyiyo. Germany pa nkhondo yachiwiri inkadalira makina otchedwa Enigma, koma akatswiri a masamu a ku Poland, kenaka a ku Bletchley Park ku England monga Alan Turing, anapeza njira yowatsekulira, Ajeremani osadziwa.

Ife tikakhala mu kombi timakonda kutembenukira ku Chichewa tikafuna kuti ena asamve, kuiwala kuti theka la Mufakose limamva. Asilikali a America anagwiritsadi ntchito chilankhulo cha Anavajo, mtundu wina wa eni nthaka a ku America, polimbana ndi Japan, koma sanadalire chilankhulo chokha; anawonjezamo mawu obisa amene ngakhale Mnavajo wamba sakanawamvetsa.

Ngakhale uthenga utatsekedwa bwanji, kulankhula kokhako kumaulula malo. Mdani akaika zida zomvetsera m'malo awiri kapena atatu, amajambula mizere pa mapu, ndipo pamene mizereyo yakumana mpamene pali wailesi yanu. Pamene pakuchoka mauthenga ambiri ndiye kuti pali likulu, ndipo mizinga imalozedwa pomwepo. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. N'chifukwa chake amaphunzitsidwa kulankhula mwachidule, kuika mlongoti kutali ndi hema wa akuluakulu, kusamuka kawirikawiri, ndi kukhala duu nthawi zina kwa masiku. Mawailesi amakono amadumphadumpha njira kambirimbiri pa sekondi imodzi kuti womvetsera asawatsate komanso wofuna kuwasokoneza ndi phokoso alephere.

Foni ya m'thumba yaonjezera vutoli. Usiku wolowa chaka cha 2023 nyumba imene munali asilikali a Russia ku Makiivka, m'dziko la Ukraine, inaphulitsidwa. Unduna wa chitetezo wa Russia unanena kuti anafa ndi 89, ndipo unati chifukwa chachikulu chinali mafoni amene asilikaliwo ankagwiritsa ntchito mosaloledwa. Ena anatsutsa chiwerengerocho ndi chifukwacho. Mu 2018 zinadziwikanso kuti pulogalamu ya othamanga ya Strava inkaonetsa pa mapu makambi a asilikali, chifukwa cha mawotchi ndi mafoni a asilikali ochita masewera olimbitsa thupi.

Ndiye n'zoona kuti m'maiko ambiri muli timagulu ta asilikali a mauthenga timene ntchito yake ndi kumvetsera ndi kusokoneza mawailesi a adani. Britain ili ndi rejimenti yathunthu ya ntchitoyi, ya nambala 14. Koma ambiri mwa asilikali a mauthenga ntchito yawo ndi kulumikiza anzawo, osati kumvetsera ena. Nkhani yomvetsera mafoni a anthu wamba ndi ina, ndipo muno mu Zimbabwe ili ndi lamulo lakelake, Interception of Communications Act la 2007, limene ena amati n'lofunika pa chitetezo pamene ena amati limapatsa boma mphamvu zambiri.

## Nanga poti kuli mafoni ndi intaneti?

Netiweki ya foni imadalira milongoti yokhazikika, magetsi ndi mawaya a pansi. Zimenezi ndi zimene zimayamba kugwa pa nkhondo, ngakhalenso pa ngozi za chilengedwe. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anadula misewu, milatho ndi magetsi ku Chimanimani. Mu Malichi 2023 Freddy anachita zomwezo ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo ambiri a ife kuno tinakhala masiku tikuimba mafoni osalowa, mitima ili m'mwamba. M'malo otere opulumutsa anthu amafunika njira yolankhulirana imene amabwera nayo okha pa galimoto kapena kumsana, ndipo anthu ophunzitsidwa kuiyala m'maola ochepa ndi amenewa. N'chimodzimodzi pa ntchito zosungitsa mtendere, monga pamene asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa anatumizidwa limodzi kummawa kwa Congo mu 2013: maiko atatu, zida zosiyana, koma ayenera kumvana pa wailesi.

Kwa mwana amene walowa ntchitoyi palinso phindu la m'tsogolo. Luso la magetsi, mawailesi, makompyuta ndi milongoti silithera pa geti la kambi. Ndi luso lomwelo limene makampani a mafoni amalifuna.

Lamlungu lotsatira ndinawafotokozera mayi aja zina mwa izi. Ndinawauza kuti foni ya mwana wawo ikakhala yotseka milungu iwiri asathamangire kuganiza zoipa, mwina ali ku maphunziro a kutchire kumene foni siloledwa, ndipo akabwera pa tchuthi asamuumirize kunena kumene anali. Anamvetsera mpaka pa nkhani ya phiri ija, ya mlongoti ndi chisanu cha 2 koloko usiku. Pamenepo anandidula mawu.

"Achimwene, mwati mapiri? Ndiye mawa ndilawirira ku msika wa Mupedzanhamo ndikamufunire juzi yokhuthala ndi masokosi. Mwana uja chifuwa sichimuchedwa."